Atsibweni Sanauzidwe

Amayi aakulu, a Agatha, anatisiya Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Anali akulu awo a mayi anga ondibereka, ndipo ndi amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi anga atamwalira. Sindinkawatchula kuti amayi aakulu. Ndinkangoti Mayi. Matenda awo sanali aatali. Sabata imodzi m'mbuyomo anali akupalira nandolo kuseri kwa nyumba, uku akukalipira mbuzi za eni ake mokweza kotero kuti odutsa pa msewu wopita ku msika wa Milonde ankaima n'kumamvetsera.

Pakhomo pakagwa zovuta, aliyense amapatsidwa ntchito yomuyenera. Achemwali anga a Annette, mwana woyamba wa malemu, anatenga za kukhitchini ndi za amayi a mpingo. Amuna awo, alamu anga, anathamangira kwa kalipentala kukakambirana za bokosi. Ine anandipatsa ntchito yofalitsa uthenga, pa zifukwa ziwiri: ndine mphunzitsi wotuluka ku koleji, ndiponso foni yanga ndi yaikulu kuposa ya wina aliyense pamudzi pathu. Ntchitoyo ndinailandira ndi manja awiri, chifukwa inandilola kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, kutali ndi khamu la anthu, kutalinso ndi chipinda chimene Mayi anagonekedwa. Ndine munthu wamanyazi. Ngakhale m'kalasi ndimayang'ana kwambiri bolodi kuposa ana.

Uthengawo ndinaulemba mosamala, ndi kuukonza katatu. Munali dzina lonse la malemu, nthawi imene anatisiyira, ndi tsiku loika, limene linali mawa lake, Lachitatu. Ndinalemba mayina a abale papepala, ndipo aliyense ndikamutumizira ndinkachonga pambali pa dzina lake. Uthenga unapita ku Blantyre, ku Joni, ndi kwa abale athu a tsidya la malire ku Milanje. Unapitanso kwa atsibweni a Jailosi, mlongo wawo wa Mayi, yekhayo wotsala m'mimba mwawo, amene ndi telala kufupi ndi Muloza kumene anakwatira. Popeza iwo ndi munthu wofunika, sindinalekere pomwepo. Ndinaimbanso foni kuti nditsimikize. Anayankha ndi akazi awo, azakhali a Esteri. Ndinawafunsa ngati uthenga wafika. Anati wafika. Ndinathokoza, ndi kuchonga pambali pa dzina la atsibweni.

Pofika Lachitatu m'mawa bwalo linali litadzaza. A ku Blantyre anali atafika pa minibasi, a ku Milanje atawoloka pa njinga zawo. Atsibweni okha ndi amene sankaoneka. Kwathu kuno mlongo wa malemu ndiye mwini mbumba: bokosi silitsekedwa iye asanaone nkhope, ndipo ndi iye amene amalola kuti thupi lituluke m'nyumba.

Cha m'ma teni koloko achemwali anandikodola kuti ndipite kuseri kwa khitchini, kumene amayi ena ankadula kabichi. Anandifunsa kuti kwa atsibweni kunapita ndani. Ndinatulutsa foni, ndi kuwaonetsa uthenga uja pamodzi ndi nthawi imene unatumizidwa. Ndinawaonetsanso pepala langa la mayina. Iwo anayang'ana foni, nayang'ana pepala, nandiyang'ana ine.

"Iwe Chiyembekezo," anatero, "zaka zonse zija ku koleji sanakuuzeniko kuti atsibweni sauzidwa maliro pa foni?"

Mayi wina wachikulire, amene anakulira limodzi ndi malemu, anaika mpeni pansi nayamba kuseka mpaka anachita kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kunali kuseka koyamba kumveka pakhomopo chiyambire dzulo lake. Anati a Jailosi amawadziwa kuyambira ali anyamata, ndipo ngati palibe amene wapita kukawauza, angathe kukhala pakhonde pawo mpaka Khirisimasi.

Mwambowo sikuti sindinkaudziwa. Anthu ena onse angamve za maliro m'njira iliyonse, koma mwini mbumba amauzidwa ndi munthu amene wayenda ulendo, wafika, wakhala pansi, wanena ndi pakamwa pake. Zimenezi zisanachitike, iye sanamve, ngakhale dziko lonse likhale likulira. Ine ndinkaganiza kuti mwambowo unatha pamodzi ndi makalata a ku positi ofesi.

Tili pomwepo anafika a Spencer, mkulu wa adzukulu okumba manda, dothi lofiira lili mpaka m'mawondo. Anati manda atha kukumbidwa. Atamva nkhani yathu sanaseke. Anangoloza kuphiri, kumene mitambo yakuda inali itayamba kale kuunjikana monga ichitira mu Febuluwale. Anafotokoza kuti mvula ikapeza manda ali pululu, madzi adzadzamo ndipo makoma adzagumuka. Akanatha kudikira mpaka thu koloko. Kupitirira apo, anati, wolamula adzakhala mvula, osati iwo kapena atsibweni.

Zinali zoonekeratu. Nthawiyo ikakwana atsibweni asanafike, akuluakulu akanakakamizika kutseka bokosi, ndipo a Jailosi sakanaonanso nkhope ya mlongo wawo. Wochititsa ndikanakhala ine, ndi pepala langa lochongedwa bwino.

Ndinapereka maganizo akuti mwina ndiwaimbirenso ndi kupepesa. Achemwali anangotenga foniyo m'manja mwanga, naimangirira m'chitenje chawo, natuma munthu kukaitana a Golden.

A Golden ndi bambo wa ana asanu, ndipo amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Milonde ndi Muloza. Ndi munthu wosasunga nkhani m'mimba. Tisanadutse n'komwe msika anali atandiuza kuti dzulo lake madzulo anadutsa pa nyumba ya a Jailosi atanyamula mitolo ya zitenje za ku Milanje, ndipo anawaona pakhonde atavala suti, n'kuganiza kuti kuli ukwati. Anandiuzanso kuti iwo sukulu analekera Sitandade 4, koma ngakhale iwowo sakanachita zimene ndinachita ine. Ananena zimenezi mwachifundo, uku akuzemba maenje a mumsewu.

Ine ndinkakonza mawu oti ndikalankhule. Tinadutsa m'minda ya tiyi, mmene othyola anali atawerama ndi madengu kumsana, ndipo pofika pa mlatho wa matabwa wa kamtsinje kena ndinali nditamanga kale chiyambi chabwino, chonena za kufupika kwa moyo wa munthu, ndi mfundo zitatu zotsatirapo.

Tinawapeza atsibweni pakhonde, monga mmene mayi wachikulire uja ananenera. Makina awo osokera anali ataphimbidwa ndi nsalu. Anali atavala suti yakuda yodzisokera okha, tayi, ndi nsapato zopolishidwa mpaka kumanyezimira. Chipewa chinali pa bondo. Pambali pa mpando panali ambulera ndi kachikwama kotseka kale. M'makomo oyandikana nawo amayi anali atakhala m'timagulu, atamanga kale mipango yopitira ku maliro, koma aliyense akuoneka wotanganidwa ndi kusadzula nkhwani. Mudzi wonse unkadziwa. Unkangodikira kuti mwini wake auzidwe.

"Aphunzitsi," anatero atsibweni. "Mwatikumbukira lero?"

Azakhali anandibweretsera kampando ndi madzi akumwa. Maso awo anali otupa, ndipo ine ndisanafunse anafotokoza okha kuti nkhuni za masiku ano ndi zonyowa, utsi wake ndi woipa. Atatero anabwerera kukhitchini.

Atsibweni anayamba ndi za kusukulu. Anafuna kudziwa kuti m'kalasi mwanga muli ana angati, ndiponso ngati denga limene linasasuka ndi mphepo chaka chatha linakonzedwa. Anafunsa za chimanga cha ku Milonde, ngati chayamba ngaiyaye. Anandiuza kuti kolala ya shati yanga inasokedwa ndi munthu wosaopa Mulungu. Zonsezi ndinayankha bwinobwino, maso ali pa wotchi ya padzanja lawo, imene inkayandikira thwelofu. Kumsewu a Golden ankatsokomola mobwerezabwereza, chifuwa chimene analibe pobwera.

Kenako atsibweni anawongola chipewa chija pa bondo, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga kumudzi mwasiyako bwanji?"

Ndinakonza kukhosi, ndi kuyamba chiyambi changa chija. Ndinali nditangofika pa mawu akuti moyo wa munthu uli ngati maluwa a kuthengo pamene anakweza dzanja, nandikumbutsa kuti sitili m'tchalitchi. Ndinayesa njira ina. Ndinati, monga anaonera mu uthenga umene ndinatumiza dzulo.

"Uthenga uti?" anatero. "Pa foni ija pamabwera anthu ofunsa madiresi awo ndi onama za mtengo wa nandolo. Ine tizilembo take sindimationa."

Amene ankanena zimenezi ndi munthu wolowetsa ulusi pa singano popanda magalasi. Koma sankandinyoza. Ankandiyang'ana modikira.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chiyambire dzulo m'mawa mawu onena za imfa ya Mayi anali asanatuluke pakamwa panga. Ndinali nditawalemba, kuwakonza, ndi kuwatumiza kwa anthu makumi awiri ndi atatu. Ndinali nditayankha mafunso a nthawi ndi a njira yofikira kumudzi. Koma kunena, ndinali ndisananene kwa munthu aliyense. Ndinatsika pa kampando kaja ndi kukhala pansi, monga ayenera kuchitira wobweretsa uthenga wotere.

"Atsibweni, Mayi atisiya," ndinatero. "Mlongo wanu Agatha watisiya dzulo m'mawa."

Mawu oyambawo anatuluka osweka, koma anatuluka. Atsibweni anachotsa chipewa pa bondo, nachiika pansi pang'onopang'ono. Anafunsa ngati anavutika. Ndinati ayi: anapempha madzi, anamwa, kenako anafunsa ngati nkhuku zatsekuliridwa. Atsibweni anaseka kamodzi kokha, kuseka kwa m'mphuno, ndipo kusekako kunathera m'kulira. Nthawi yomweyo kukhitchini kunamveka mfuu ya azakhali, yaitali, ya munthu amene waisunga tsiku lathunthu. Amayi a m'makomo muja anasiya nkhwani zawo nayamba kubwera. Inenso ndinalira, kwa nthawi yoyamba, pakhonde la eni, pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo manyazi sanandigwire.

Atapukuta kumaso, atsibweni anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Pamene amayi awo, agogo anga, anamwalira, iwo anali pa ntchito ku fakitale ya tiyi, kutali ndi kumudzi. Panali lole yopita komweko tsiku limenelo, ndipo dalaivala anadzipereka kukapereka uthenga. Mayi anakana. Anati amayi awo si thumba la chimanga loti n'kutumiza pa lole. Anabereka achemwali a Annette, amene anali khanda, nayenda wapansi kuchokera m'mawa mpaka masana, nakakhala pansi pa geti ya fakitale kudikira mlongo wawo. Imfa ya munthu wotero, anatero atsibweni, iwo sakanailandira kuchokera pa foni ya m'thumba la malaya.

Ndinawafunsa kuti pakanapanda kubwera munthu akanatani.

"Ndikanakhala pompano," anatero. "N'chifukwa chake ndimaopa. Galimoto iliyonse, njinga iliyonse, ndimati ndi imeneyo."

Atatero anaimirira, navala chipewa, nasanduka munthu wina. Anafunsa kuti tikudikira chiyani, kapena tikufuna kuti mlongo wawo aikidwe iwo kulibe. Anadzudzula a Golden chifukwa choimika njinga kutali. Anauza azakhali kuti atsatire pa kabaza wina pamodzi ndi anzawo. Tinakwera atatu: a Golden kutsogolo, atsibweni pakati, ine kumbuyo, nditakumbatira kachikwama kaja, theka la thupi langa lili m'malere.

Mvula inatipeza m'minda ya tiyi. Atsibweni anatsegula ambulera njinga ili pa liwiro, ndipo mphepo inaitembenuza nthawi yomweyo n'kukhala ngati dengu. Anapitiriza kuigwira m'mwamba choncho kwa mtunda ndithu, kufikira a Golden atawapempha mwaulemu kuti aitsitse, chifukwa inkakokera njinga ku ngalande. Pa mlatho wa matabwa uja tinapeza madzi atayamba kusefukira pamwamba. A Golden anati wokwera palibe, aliyense awoloke ndi miyendo yake. Atsibweni anavula nsapato, namanga zingwe zake pamodzi, nazikoleka m'khosi. Anapinda buluku mosamala, mapindo ofanana miyendo yonse iwiri, nawoloka patsogolo pathu osagwira munthu. Ine ndinathandiza kukankha njinga, ndipo ndinaterereka kawiri. A Golden anati aka kanali koyamba kuona mphunzitsi akugwada pamaso pawo.

Tsidya linalo njinga inakana kulira. A Golden anaichonderera, anaitukwana pang'ono, napepesa kwa atsibweni chifukwa cha kutukwanako, kenako anapukuta pulagi ndi malaya awo. Wotchi ya atsibweni inali itapitirira thu koloko pamene injini inavomera. 

Tikuyandikira mudzi ndinatchera khutu kuti ndimve kumene nyimbo zinkachokera. Zikanamveka kumunsi, ku nkhalango ya manda, ndiye kuti tachedwa. Zinkamveka kunyumba.

Pambuyo pake ndinamva mmene otsala kumudzi anachedwetsera mwambo potidikira. A Spencer anafolera manda ndi malata a khola la mbuzi, nakauza akuluakulu kuti pansi papezeka mwala wofunika kuuchotsa, mwala umene mpaka lero palibe wina anauona. A Bizwick, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera mwambo, anapemphedwa ndi achemwali kuti asafulumire, ndipo anayambira ulaliki wawo pa Adamu. Amayi a mpingo anaimba nyimbo iliyonse ndime zake zonse. Komabe zonsezi zinali zitatha. Titalowa m'nyumba tinapeza chivundikiro chili kale pamwamba pa bokosi, kalipentala ataima ndi hamala m'manja, ndipo achemwali atakhala pansi, mkono wawo atauyala pa chivundikirocho, osayang'ana munthu.

Anthu anapatuka. Atsibweni analowa opanda nsapato, madzi akuchucha m'suti, navula chipewa. Kalipentala anasuntha chivundikiro.

Atsibweni anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anawerama nayamba kulankhula motsitsa m'Chilomwe, chinenero chimene iwo ndi Mayi ankayankhulana akafuna kuti ife ana tisamve. Ine ndimangotolapo mawu ochepa. Ndinamva dzina lina limene sindinalimvepo, lomwe ndikuganiza kuti linali la Mayi paubwana wawo, ndipo kamvekedwe ka mawuwo kanali ka munthu amene akudandaulira mnzake kuti wanyamuka osamudikira. Mayi wachikulire wa kabichi uja, amene anali pakona, ankagwedeza mutu movomereza.

Ataweramuka anafunsa kuti duku anawamanga ndani. Amayi awiri anayang'anana. Dukulo linali loyera, lomangidwa bwino, mfundo yake ili kumbuyo.

"Mwamanga bwino," anatero atsibweni, "koma uyu mwamangayu ndi mkazi wa abusa. Agatha mfundo yake imakhala apa, pamwamba pa khutu, ngati akupita kukayambana ndi munthu."

M'chipindamo munadutsa kaphokoso ka anthu oseka akulira. Achemwali anadzuka, namasula dukulo, nalimanganso mopendekeka, mfundo ili pamwamba pa khutu lamanzere. Atsibweni anapendeketsa mutu monga achitira poyesa munthu jekete, nati tsopano ndi iyeyo.

Ine nthawi yonseyi ndinali pakhomo, kumbuyo kwa alamu, kachikwama kali m'manja. Atsibweni anatembenuka nandifunafuna ndi maso. Anati wobweretsa mlendo saima pakhomo, amamufikitsa kwa mwini nyumba. Anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lozizira, nandikokera pafupi ndi bokosi.

Ndinawaona Mayi. Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira, koma ndi duku lopendekekalo ankaoneka ngati angotseka maso kuti amve bwino bodza limene wina akuwauza. Ndinafunafuna mawu oyenera, ndipo m'mutu mwanga munalibe chiganizo ngakhale chimodzi chomangidwa bwino.

"Mayi, ndabwera nawo," ndinatero. "Tinachedwa pa mlatho."

Atsibweni anadikira pang'ono, ngati akupereka mpata woti Mayi ayankhe. Kenako anayang'ana kalipentala, nagwedeza mutu.

Panja mvula inali itachepa, kwangotsala yowaza. Adzukulu analowa nanyamula bokosi, amayi anayambitsa nyimbo ya panjira, ndipo a Spencer anachenjeza anthu onse kuti njira yotsikira ku manda ndi yoterera, aliyense agwire mnzake. Atsibweni sanasiye mkono wanga. Tinatsatira pambuyo pa bokosi, pang'onopang'ono, m'matope ofiira.